A Mita ndi Galu wa Mayi Telala

Mayi telala ankasokera pawindo loyang'ana kumsewu, choncho palibe chimene chinkadutsa pageti pake osachiona. Achikulire ena atayamba kubwera pamenepo, iye anawaona tsiku loyamba lomwe. Anafika dzuwa litapendeka, anapukuta fumbi pakakhoma ka ngalande tsidya la msewu, n'kukhala pansi chofulatira mpanda wake. Sanapereke moni kwa munthu. Sankadikira minibasi, poti mumsewu umenewo simudutsa minibasi. Anangokhala, manja pamawondo, uku galu m'khola akuuwa ngati wathiridwa madzi otentha. Galu atatopa, iwo ananyamuka n'kumapita. Mawa lake anabweranso.

Sanali alendo. Msewu wonse unkawatcha a Mita, chifukwa moyo wawo wonse wa ntchito unathera pa kuwerenga mamita a madzi. Dzina lawo lenileni mwina ankalidziwa ndi akazi awo okha, ndipo iwowo anamwalira kale. Ntchitoyo anaiyamba ali ndi miyendo yowongoka, anaisiya akutsimphina wamanzere. Panalibe geti m'dera lonselo limene sanalitsegulepo. Ankadziwa nyumba imene mita yake ili kuseri kwa bafa, imene ili pansi pa mulu wa njerwa, imene mwini wake amabisala kuchipinda akamva kugogoda. Anthu sankadana nawo, koma sankawakondanso. Ankawapatsa moni bwinobwino, diso n'kutsala pa iwo mpaka atakhota pakona.

Galu wa mayi telala dzina lake anali Sajeni. Anamubweretsa ndi mlamu wake, mchimwene wa malemu mwamuna wake, akuba atathyola windo n'kunyamula simbi, wailesi ndi nsalu za makasitomala. Makina okha anatsala chifukwa cholemera. Mlamuyo anakhoma yekha khola la matabwa m'mbali mwa nyumba, mogundana ndi mpanda wa waya, lopanda ndi kabowo komwe. Anasiyanso malamulo. Masana galu azikhala mumdima, asamaone anthu, asamasisitidwe, ndi mmene amalusira bwino. Azitulutsidwa kukada basi.

Mayi telala anasunga malamulowo kupatula limodzi. Pomupatsa chakudya ankamukanda kuseri kwa khutu, ndipo galuyo ankatsamira mwendo wake n'kutseka maso. Ana ake anali kutali kumaukwati awo. Pakhomo ponsepo, chamoyo chimene chinkasangalala iye akatsegula chitseko chinali Sajeni yekha.

Kulusa analusadi. Ankauwa belu la njinga, phokoso la ana ochokera kusukulu, ngakhale chitini chogubuduka ndi mphepo. Ndiye tsiku lina thabwa la khola linazuka, nthawi yomwe eni nyumba anabwera kudzaona paipi imene inkadontha pansi pa bwalo. Sajeni anawagwira katumba. Bala silinali lalikulu, koma buluku linang'ambika mpaka pabondo. Mayi telala analisoka eni ake atakhala pampando, atakulunga nsalu ya kasitomala m'chiuno, akupuma ngati mvukuto.

"Mayi, ine sindikukuthamangitsani," anatero eni nyumba. "Koma mwezi ukamatha ndibwera ndi pulambala kudzakumba paipi ija. Chilombo chanuchi chikadzangoonetsa dzino, chichoke. Apo ayi muchoke nonse."

Galu woluma palibe angamulandire, zimenezo aliyense ankadziwa. Mlamu atamva anangoti, "Musadandaule alamu, ndidzabwera ndi chingwe. Agalu ndi ambiri." Tsiku limenelo mayi telala anasoka mkono wa malaya mozondotsa, n'kumasula ulusi wonse.

Ndi masiku omwewo pamene a Mita anayamba kukhala tsidya la msewu.

Mayi wa pagolosale, amene ankagulitsa sopo n'kuika nkhani za anthu ngati banyira, sanachedwe kumasulira.

"Anzanga, mukugona? Akuba amayamba choncho. Amatuma nkhalamba yooneka yofatsa kuti galu aizolowere. Kenako kanyama. Mudzangodzuka makina kulibe, galu akugwedezera mchira amene awanyamulawo."

"Koma amangofulatira. Sayang'ana n'komwe kuno."

"Ayang'anirenji? Bwalo lanulo analiyenda zaka ndi zaka. Akulidziwa kuposa inu."

Pamene thabwa linazuka panatsala mpata, umene mayi telala anangolukapo waya, ndipo Sajeni ankasuzumira pamenepo. Masana ena a Mita anaoloka msewu n'kukhala panjerwa pafupi ndi mpatawo, chofulatirabe. Dzanja lawo linapita kumbuyo, kanthu kanagwera m'khola. Mayi telala anatuluka sizasi ili m'manja, tepi ili m'khosi.

"Mwamupatsa chiyani galu wanga?"

A Mita sanadzidzimuke. Anafunyulula kapepala kamene kanali pamwendo pawo, anatola kachidutswa kakuda n'kukaponya m'kamwa mwawo. Anatafuna nthawi yaitali, poti mano anali atatsala owerengeka.

"Chiwindi, mayi. Chowamba. Mchere mulibe, n'chifukwa chake sichikukoma."

"Wakutumani ndani?"

"Palibe."

"Nanga mukufunanji pampanda panga?"

"Ndinamva za buluku la eni nyumba." Anapinda kapepala kaja. "Galu wanuyu si wolusa. Ndi wamantha."

"Wamantha? Kafunseni amene analumidwawo."

"Ine ndalumidwa kuposa iwo." Anakweza buluku mpaka pabondo. Katumba yense anali zipsera, zina zoyera, zina zakuda, ngati nsalu yophunzirirapo kusoka. "Onsewa anali amantha. Galu wolimba mtima amakuyang'ana, n'kukusiya uwerenge mita. Amene amaluma ndi uja waona kuti pothawira palibe. Tamuonani mchira."

Mayi telala anawerama pampata paja. Sajeni ankauwa ndithu, koma mchira unali pakati pa miyendo, makutu atagona, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera. Anali asanamuyang'anepo galuyo akuuwa. Nthawi zonse ankayang'ana chimene akuchiuwacho.

Anawongoka. "Ndiye inu mupindulapo chiyani?"

"Masana ndi aatali," anatero a Mita.

Yankho limenelo silinamukhutiritse, koma mwezi unkapita ndipo nzeru ina analibe. Anawalola, koma kunja kwa mpanda. "Phazi lanu lisaponde mkati muno," anatero. A Mita anagwedeza mutu ngati nawonso sankafuna kulowa.

Anayamba kuwafufuza kwa makasitomala, uku akuwayeza m'chiuno. Ena anati amakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mwana wawo wamkazi, ndipo mkamwini wawo safuna galu pakhomo. Ena anati pamene anzawo a ntchito ankayenda ndi miyala yogendera agalu, iwo ankayenda ndi makoko a buledi, moti ankasekedwa nawo. Wina anakumbukira kuti anawapezapo atakhala pansi pageti la eni ake, kudikira kuti galu ayambe wawanunkhiza, ndipo abwana awo ankawakalipira kawirikawiri kuti amachedwa panjira. Palibe amene anatchula za kuba. Mayi telala anaganiza kuti mwina ndiye kuti ndi ochenjera kwambiri.

Kachitidwe kawo kanali kotopetsa kuonerera. Galu sankamuitana, sankamuyang'ana m'maso, sankamutambasulira dzanja. Munthu akatulukira pakona, Sajeni n'kudzutsa makutu, iwo ankagwetsa kachiwindi galuyo asanayambe kuuwa. Munthuyo akapita, chiwindi chinkalekanso. Akachedwa, galu n'kuyamba phokoso, sankakalipa. Ankasendera kutali n'kudikira. Akamuona akunyambita milomo kapena kuyasamula, ankanyamuka ngakhale atangofika kumene.

"Watopa," ankatero. "Mawa."

Mawu awo ankabwera amodziamodzi, kudzera pawaya.

"Muzimutulutsa masana. Chingwe chachitali, pamthunzi wa khonde, pamene azikuonani."

"Alamu anati mumdima ndi mmene amalusira."

"Inu atakutsekerani mumdima, muzimva mapazi osaona mwini wake, mungatuluke muli bwanji?"

Tsiku lina anati, "Akauwa musamakuwe."

"Ndimakhala ndikumuletsa."

"Iye amamva ngati mukuuwa naye. Amati, eee, ngakhale amayi aopa, ndiye zavutadi."

Mayi telala analuma mlomo kuti asaseke. A Mita anamuuzanso kuti aike katoni pansi pa tebulo losokera, kuti galu akaopa azithawira mmenemo. Anaika. Koma funso lenileni linali likumudyabe, ndipo masana ena analitulutsa.

"Mukamufatsitsa chonchi, akuba akabwera adzawanyambita?"

"Pano amauwa chitini, amauwa mphepo. Inu mumadzuka?"

Mayi telala anali atasiya kalekale kudzuka.

"Akachepetsa, tsiku limene adzauwe mudzadziwa kuti kuli munthu."

Mawuwo anali omveka. Koma wakuba wodziwa ntchito yake akanalankhulanso chimodzimodzi.

Galu anayamba kusintha, pang'onopang'ono ngati kukula kwa tsitsi. Anayamba kugona masana pafupi ndi chopondera cha makina. Anayamba kuyendayenda pabwalo mphuno ili pansi, kununkhiza khoma, mpopi, tsache. Ana a sukulu akamadutsa ankadzutsa mutu, koma m'malo mouwa ankatembenukira kwa mayi telala ngati akufunsa. Iye ankagwetsa kachidutswa ka buledi, atayamba wayang'ana ngati a Mita sakumuona.

Kenako achikulirewo anayamba zachilendo. Tsiku lina anabwera atavala chipewa chachikulu. Lina anabwera ndi ndodo. Lina anafika atavala ovololo yawo yakale, paphewa pali chikwama cholira zitsulo. Anachiika pansi dala kuti chilire, n'kugwetsa chiwindi. Sajeni anauwa pang'ono n'kusiya. Ndiye a Mita anayenda m'mbali mwa mpanda, maso ali pansi, mpaka pamene ankaonera chitseko cha kuseri. Anaima pamenepo akuyeza ndi maso.

Mayi wa pagolosale anali m'nyumbamo kudzapinditsa siketi. Anamukodola mnzakeyo ndi chigongono.

"Mwaona? Zothyolera zija ndi zimenezo. Nanga galu wanu? Ali zii, ngati wadya malipiro."

Mayi telala anakumbukira magalasi a windo ali mbwee pansi, ndi nkhope za makasitomala powauza kuti nsalu zawo zapita. Anatuluka.

"M'chikwamamo muli chiyani?"

"Masipanala. Pulambala adzabwera ndi chotere. Ndimati azolowere kulira kwake."

"Nanga kuseri kwangako mukuyang'anako chiyani?"

"Paipi. Imachoka pa mita, imadutsa pansi pa khola. Adzaligwetsa kuti akumbe. Galu adzakhala panja, mayi, mufune musafune."

Funso lililonse linali ndi yankho lake lokonzeka, ndipo n'chimene chinamuopsa kwambiri.

"Basi, bambo. Zikomo. Musabwerenso pampanda panga."

A Mita anayang'ana galu, osati iye. Anatola chikwama chawo.

"Tsikulo musadzakoke chingwe," anatero. "Chingwe chikalimba, iye amati nkhondo yayamba."

Anapita akutsimphina, masipanala akulira paphewa.

Mayi telala anagula loko wina n'kuika pachitseko cha kuseri. Anadikira akuba. Sanabwere, koma mayi wa pagolosale anati akubawo akudikira kuti iye aiwale. Dzuwa likapendeka, Sajeni ankapita pawaya, ankanunkhiza panjerwa paja n'kulira chapansipansi. Kuuwa kunayamba kubwerera, makamaka akamva mawu a amuna. Mlamu atadutsa n'kupeza galu pakhonde anagwira m'chiuno.

"Mwamuwononga galuyu, alamu. Galu wa pakhonde ndi mphaka." Anasiya tcheni chachifupi pamsomali. "Tsikulo mudzamumange pamzati, khosi lifike pansi. Akauwa, ndodo. Zikakanika mudzandiitane."

Eni nyumba anafika m'mawa wina mwezi ukutha, pambuyo pawo pali pulambala, mwamuna wamkulu thupi wa ovololo, chikwama kuphewa, piki kudzanja. Asanatsegule n'komwe geti, pulambalayo analoza ndi chibwano.

"Khola ilo lichoke. Paipi ili pansi pake."

Mayi telala anali pakhonde, chingwe chachitali chili m'manja. Tcheni cha mlamu chinali pamsomali pafupi ndi mutu wake. Geti litalira, Sajeni anadzuka. Ubweya wa pamsana unaima, ndipo anauwa mwakuti khonde lonse linalira. Eni nyumba anabwerera m'mbuyo n'kutola chidutswa cha njerwa.

"Mwaona? Mwaona, mayi? Ndinanena ine!"

Dzanja la mayi telala linayamba lokha kukoka, pakamwa pake panatseguka kuti akuwe. Ndiye anamva chingwe chikunjenjemera m'manja mwake. Sikunali kukoka kwa galu wofuna kuluma. Kunali kunjenjemera basi. Anatseka pakamwa. Anasiya chingwe chilendewere, n'kubwerera pang'ono kuchitseko.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, "tayani njerwayo. Musamuyang'ane. Fulatirani."

"Ndifulatire? Pakhomo panga?"

"Pakhomo panu pomwe. Inunso apulambala, chikwama pansi, mufulatire."

"Ine anandiuza za kukumba, za kuvina sanandiuze," anatero pulambala, koma anatembenuka. Eni nyumba anazengereza. Kenako njerwa inagwa pansi, nawonso anatembenuka, manja onse awiri atagwira kumbuyo kwa buluku.

Mayi telala anapisa m'thumba la epuloni n'kugwetsa kachidutswa ka buledi. Sajeni sanakaone n'komwe. Anauwabe, koma mawu ake anayamba kudukaduka, poti amene ankawauwawo anali misana chabe. Anagwetsa kena. Galuyo anakatola mwachangu, anayang'ananso kugeti, kenako anakweza maso kwa iye.

"Palibe kanthu, Sajeni," anatero. "Ndi anthu basi."

Sajeni anatembenuka, analowa m'nyumba n'kukadzipinda m'katoni pansi pa tebulo.

"Lowani tsopano. Pang'onopang'ono, m'mbali mwa mpanda."

Khola linagwetsedwa. Piki ikagunda pansi, galu ankadzidzimuka m'katoni muja. Mayi telala anakhala pamakina n'kuyamba kusoka kansalu kopanda ntchito, kuti galuyo azimva phokoso limene analizolowera, ndipo phazi lake linkamukhudza nthiti popondaponda. Chitseko anachisiya chotsegula. Dzuwa litakwera, Sajeni anatuluka yekha. Anaima pakhomo khosi litatambasuka. Anatsika pakhonde, anayenda mokhotakhota mpaka pachikwama cha pulambala, anachinunkhiza mbali zonse, anayetsemula, n'kubwerera kukagona pamthunzi.

Eni nyumba ankaonerera ataima kuseri kwa mulu wa dothi.

"Mwamumwetsa chiyani galuyu?"

"Palibe."

"Mapiritsi ogonetsa? Nenani zoona, mayi, ine sindikauza munthu."

"Buledi basi."

"Buledi." Anamuyang'ana galuyo nthawi yaitali, ngati akudikira kuti mankhwala athe mphamvu. Galu anangoika chibwano pamiyendo. "Chabwino. Akhale. Koma ndikamabwera ndizichita kufulatira chonchi?"

"Masiku oyamba okha."

"Zimenezi zisamveke mumsewu."

M'dzenje muja pulambala anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa.

Madzulo ake mayi telala anafunsira njira ya kwa mwana wa a Mita. Anawapeza kuseri kwa nyumba, pakhomo pa kachipinda kawo. Chitseko chinali chotsegula. Mkati munali bedi loyalidwa bwino, mpando umodzi, kapu ndi mbale pashelefu. Anayang'ana mofulumira m'makona monse. Munalibe wailesi ya munthu, munalibe simbi ya munthu. Iwo anali atakhala pachitseko akupaka polishi nsapato zimene zinali zitatha kale zidendene.

"Galu akhala," anatero mayi telala.

A Mita anagwedeza mutu. "Anauwa?"

"Poyamba."

"Munakoka?"

"Ayi."

"Basi." Anapitiriza kupaka. "Sanachire. Adzauwanso. Musadzamutsekere."

"Khola kulibe. Matabwa ake ndiphikira." Anaima pang'ono, akusowa poika manja. "Mawa mubwere. Mutha kulowa mpaka pakhonde."

"Pageti pali bwino. Tisamufulumizitse."

Pamsomali wa chitseko panali jekete yawo. Thumba limodzi linali litang'ambika n'kumalendewera, ndipo diso la mayi telala silinathe kulilambalala.

"Bweretsani jeketeyo ndikakusokereni."

A Mita anasiya nsapato. Anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Mukufuna mukaone za m'matumba?"

"Inde," anatero mayi telala.

A Mita anadzuka pang'onopang'ono, anaitsitsa pamsomali, anaikutumula fumbi, n'kumupatsa osatulutsamo kanthu.